Chichewa chidakwera ndege, ife tili pa Waliranji

Pali gulu lina loimba limene nyimbo zake zambiri ndi za m'Chichewa, koma mukalitchula dzina kwathu kuno kwa Mavwere anthu amakuyang'anani ngati mwatchula mankhwala atsopano opopera fodya. Dzina lake ndi The Very Best. Ku London ndi ku New York kuli anthu amene sadziwa n'komwe kuti Mchinji ili mbali iti, koma adavinapo nyimbo za gululi, ena mpaka kuyesa kutsatira mawu ake ndi lilime lawo lolemera lija. Ife eni chilankhulo zidangotidutsa ngati basi ya ku Chipata yodzadza kale.

Ndikunena izi ndi umboni. Kuyambira 2009 mpaka 2014 ntchito yanga idali yobena nyimbo pa Waliranji. Kashopu kake ka chitseko chimodzi, kompyuta yakale, masipika awiri panja, ndi thabwa la masoketi lotchajira mafoni. Munthu ankabwera ndi memori khadi kapena fulashi n'kunena zimene mtima wake ukufuna. Ngati pali chinthu chimene ndimachidziwa bwino padziko pano, ndi makutu a anthu akwathu. Abambo akagulitsa fodya ankafuna Lucius Banda, Mablacks, Skeffa Chimoto, Lawrence Mbenjere. Amayi a chigwirizano ankafuna Ethel Kamwendo Banda ndi makwaya. Anyamata a kabaza ankafuna za ku Zambia, a Petersen, a Dalisoul, a Danny, pakuti ife a m'malire wailesi za ku Chipata timazimva ngati za pakhomo. M'zaka zonsezo palibe ndi mmodzi yemwe adalowa n'kunena kuti, "Aise, tandiikirako The Very Best." Nyimbo yawo imodzi yokha ndiyo idapemphedwapo, nayonso osati ndi dzina la gulu. Tifika pamenepo.

Mwini mawu a gululi ndi Esau Mwamwaya. Adabadwira ku Mzuzu, adakulira ku Lilongwe, ndipo ankaimba ng'oma mu Masaka Band. Mu 1999 adapita ku London. Monga zimakhalira ndi Amalawi ambiri kunjako, sadapeze siteji ikumudikira. Adayamba kugulitsa katundu wakale m'kashopu ku Clapton, kum'mawa kwa mzindawo: mipando, matebulo, zitsulo, chilichonse chimene mzungu watopa nacho. Kaunjika wa mipando, tingotero. Pafupi pomwepo padali situdiyo ya anyamata awiri opanga nyimbo za m'makalabu, Etienne Tron wa ku France ndi Johan Karlberg wa ku Sweden, amene ankadzitcha Radioclit. Tsiku lina Etienne adalowa m'shopumo kudzagula njinga yakale. Adacheza, adamuitanira Esau kuphwando kunyumba kwake, ndipo kumeneko Esau adakumana ndi Johan. Pomutengera ku situdiyo ankaganiza kuti apeza womenya ng'oma. Atamumva akuimba, nkhani ya ng'oma idathera pomwepo.

Nkhani ya njingayi imandisangalatsa. Kwathu kuno njinga ndiyo imanyamula zonse: matumba a mtedza, nkhumba, wodwala, ngakhale mkwatibwi zikavuta. N'zosadabwitsa kuti Chichewa nachonso chidalowera panjinga.

Chakumapeto kwa 2008 atatuwa adatulutsa mixtape yaulere pa intaneti, yotchedwa "Esau Mwamwaya and Radioclit Are The Very Best". Apa wina anena kuti, koma Esau sarapa, amangoimba, nanga hip hop yabwera bwanji? Zoona, sarapa. Koma hip hop siidayambe ndi kurapa. Idayamba ndi DJ. Mu 1973 ku Bronx, Kool Herc, mnyamata wobadwira ku Jamaica, ankatenga mbale ziwiri za nyimbo imodzi n'kumabwereza kachigawo kamene ng'oma zatsala zokha, kuti ovina asapume. Orapa adabwera pambuyo kudzalankhulira pamwamba pake. Mtima wa hip hop ndi kutola: kutenga chidutswa cha nyimbo ya mnzako n'kumangapo nyumba yako. Ndipo mixtape ndi pamene woimba amakwera pa biti ya wina popanda kugogoda, kuti dziko lione zimene iye angachite nayo, monga ankachitira Lil Wayne zaka zomwezo. The Very Best idachita zomwezi, kungoti pamalo pa rapu ya Chingerezi idaikapo mawu a munthu wa ku Lilongwe, osanjikizana ngati kwaya ya pa msonkhano wa chitsitsimutso. Ndi hip hop imene idapatuka pamsewu waukulu n'kudzera kanjira ka m'dimba.

Tengani nyimbo ya "Tengazako". Biti yake ndi ya "Paper Planes", imene M.I.A. adatulutsa mu 2007. M.I.A. ndi mwana wa Atamil a ku Sri Lanka amene adafika ku London ngati wothawa nkhondo, ndipo nyimbo yakeyo imanyogodola mmene eni dziko amaonera obwera, ngati kuti aliyense wodutsa malire wabwera kudzaba. Nayenso biti imeneyo adaimanga pa "Straight to Hell", nyimbo ya gulu la The Clash ya mu 1982, yokambanso za anthu osowa kwawo. Ndiye taonani mzere wake: azungu a ku London, kenako mtsikana wa ku Sri Lanka, kenako Mmalawi wogulitsa katundu wakale, akuimba pa biti imene yadutsa kale m'manja awiri, n'kuipatsa dzina loti Tengazako. Munthu wa kaunjika amadziwa kuti malaya sakhala a amene adayamba kuwavala. Amakhala a amene amukwana.

"Kamphopo" adaikhazika pa nyimbo ya Architecture in Helsinki, gulu la ku Australia. Adatenganso "Cape Cod Kwassa Kwassa" ya Vampire Weekend, anyamata a kukoleji ku New York amene adabwereka kaimbidwe ka gitala ka kuno ku Africa. Esau adangopita kukatenga zimene zidabwerekedwazo, ngati mmene umatumira mwana kuti akatenge khasu kwa aneba. Ngakhale Michael Jackson sadamusiye.

Ine nyimbozi zidandipeza mochedwa, mu December 2010, kudzera mwa alamu anga amene ankagwira ntchito yotsuka mbale m'lesitilanti ina ku Joni. Akuti tsiku lina ali pasinki adangomva Chichewa chikutuluka m'masipika a m'chipinda chodyera, mmene mudadzadza azungu okhaokha. Adaima ndi mbale m'manja, thovu likuyenderera m'zigongono. Adayesa kuti mutu wayamba kuwasokonekera chifukwa chopukwa kumudzi. Atalimba mtima adafunsa bwana wawo, ndipo bwanayo adadabwa kwambiri kumva kuti munthu amene amamutsukira mapoto akumva liwu lililonse la nyimbo imene iye ankangoikonda kamvekedwe. Adawakopera pa fulashi. Atafika kumudzi pa Khirisimasi, asadapereke n'komwe moni wokwanira, adati, "Alamu, tayatsani kompyuta yanuyo mumve zimene akudyera azungu."

Ndidaziika pa masipika a panja tsiku la msika. Anthu ankachepetsa liwiro, kutchera khutu, kumwetulira pang'ono, n'kupitirira. Atelala amene ankasoka pakhonde loyandikana nane, bambo achikulire osalankhulalankhula, adaimitsa makina n'kunena kuti, "Mwana wanga, Chichewachi ndachimva. Koma ng'omayi ikuchokera mudzi uti?" Mnyamata wina wa kabaza sadazungulire: "Man, izi ndi za azungu izi. Tiikireni Dalisoul." Ndidasintha. Kasitomala ndi mfumu.

Funso la atelala aja ndakhala nalo zaka zambiri. Poyamba munthu ungaganize kuti anthu adazikana chifukwa biti yake ndi yobwereka. Koma ife ndi kubwereka tidayamba liti kudana? Amayi a chitelele amatenga nyimbo ya chaka chatha n'kuikamo dzina la mwamuna amene wathawa banja chaka chino. Nthawi ya Kamuzu, mbumba inkatenga nyimbo za magule a m'midzi n'kuzivala mawu a chipani. Makwaya athu adatenga nyimbo za ku Scotland ndi za ku South Africa n'kuzisandutsa zolirira maliro athu, moti lero ukauza agogo kuti nyimbo yakutiyakuti idabwera pa sitima akhoza kukutemberera. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka kwela adakaitola ku Salisbury ali ana. Reggae ya ku Balaka, imene timaitcha yathuyathu, agogo ake ali ku Kingston. Ndipo ife a m'malire ndiye sitingayerekeze n'komwe kunena za ng'oma yoyera: chitenje cha ku Chipata, nyimbo za ku Lusaka, mwambo wa Kulamba tikauchitira ku Mkaika. Vuto silidali kubwereka.

Vuto loyamba lidali msewu. Nyimbo imafika kwa Mavwere podzera njira zodziwika. Kale inkachoka mu situdiyo, kupita kwa OG Issa ku Limbe, kukwera basi m'makatoni a matepi, kudzatsikira kwa mavenda. Kapena inkadzera pa wailesi, kenako paukwati nthawi ya pelekanipelekani, m'minibasi, m'malo omwera, mpaka kwa ife obena. The Very Best siidadzere njira iliyonse mwa zimenezi. Idabadwira pa intaneti, pa nthawi imene kwathu intaneti idali nkhani yongomva. Chimbale chawo choyamba chenicheni, "Warm Heart of Africa", chidatuluka mu 2009 kudzera m'makampani a ku London ndi ku America. Mudali Ezra Koenig wa Vampire Weekend uja, mudali M.I.A. mwiniwake pa "Rain Dance". Amene adabwerekedwa mabiti aja tsopano adabwera okha kudzaimba nawo. Mudali "Yalira", "Julia", ndi zina zimene maina ake okha, monga "Chalo" ndi "Angonde", akukuuzani kuti munthuyu sadaiwale kumpoto. Olemba za nyimbo kunjako adachiyamikira kwambiri. Koma nyuzipepala ya ku New York siikwera minibasi ya ku Mchinji.

Vuto lachiwiri ndi lozama, ndipo ndi la makutu. Mmalawi akamamvera nyimbo amafuna nkhani. Amafuna amve kuti mkazi uja adatani, mlamu adalanda chiyani, wamasiye adagona kuti. Nyimbo kwa ife ndi bwalo la milandu, ndi ulaliki, ndi malangizo a ankhoswe. N'chifukwa chake Mbenjere amatha kuimba mavesi ataliatali pa ng'oma yosasintha, anthu osatopa. Pamene mu The Very Best mawu a Esau nthawi zambiri amagwira ntchito ngati chida choimbira: mzere waufupi, kuubwereza, kuusanjikiza, kuukweza m'mwamba mpaka uwale. Mzungu amene sakumva Chichewa amalandira zonse zimene nyimboyo ikupereka. Ife timadikira kuti nkhani iyambe, nyimbo n'kutha. Iwo ankamva kukoma kwa chilankhulo chathu kumene ife tidasiya kukumva, monga munthu wokhala pafupi ndi chigayo samvanso phokoso lake.

Chodabwitsa china nachi. Zaka zimenezo anyamata ambiri a hip hop m'matauni ankakhulupirira kuti kuti umveke kunja uyenera kurapa m'Chingerezi. Gulu la Real Elements lidali litaonekapo kale pa Channel O, ndipo ambiri ankafuna kudzera khomo lomwelo. Ena ankachita kupinda lilime kuti amveke ngati a ku Brooklyn. Koma amene adakafika pa masiteji akuluakulu a ku Ulaya ndi ku America adali munthu woimba m'chilankhulo chimene anzakewo ankachisiya pakhomo ngati nsapato zamatope.

Etienne adachoka m'gululi chitatuluka chimbale choyamba. Esau adabwerera kumudzi, ndipo Johan, amene tsopano amadziwika kuti Johan Hugo, adamutsatira ndi zipangizo. Chimbale chachiwiri adakajambulira ku Lilongwe, ulendo wa ola limodzi ndi pang'ono kuchokera pakhomo la shopu yanga, ndipo chidatuluka mu July 2012. Mudali K'naan wa ku Somalia, Baaba Maal wa ku Senegal, Amadou ndi Mariam a ku Mali. Dzina lake ndi zilembo zokhazokha, "MTMTMK", kuimira More To Malawi Than Madonna's Kids, kunena kuti Malawi sathera pa ana a Madonna. Ife a ku Mchinji dzina limeneli limatigunda pamtima kuposa wina aliyense. David Banda adatengedwa mu October 2006 kuchokera ku Home of Hope, m'boma lathu lomwe lino, ndipo mu 2017 mapasa aja adachokeranso komweko. Amene tidalipo tikukumbukira magalimoto a atolankhani akudutsa pa Waliranji, makamera ataliatali, mafunso omwewomwewo. Kwa masabata angapo Mchinji idali pa wailesi zonse za dziko lapansi, ndipo chimene dziko lidaphunzira n'chakuti kuno kuli ana amasiye ndi fumbi. Sindikutsutsa thandizo limene ana amalandira. Wamasiye sadya ulemu wa boma. Koma kudziwika ndi chinthu chimodzi chokha kumapweteka, ndipo Esau adayankha m'malo mwathu. Kungoti yankholo adalilemba m'Chingerezi, pakuti ankauza iwowo. Ife sitidadziwe n'komwe kuti wina watiyankhira.

M'chimbale chomwecho muli nyimbo imene inkalankhula ndi ife mwachindunji, ndipo ndi ija ndidati idapemphedwapo. Kumbukirani mmene zinthu zidalili. Chisankho cha 2009 chisadachitike, Joseph Nkasa adaimba "Mose wa Lero" potamanda Bingu wa Mutharika, ndipo kuno kwa alimi, kumene makuponi a feteleza adadzadzitsa nkhokwe, nyimboyo ndidaibena mpaka kompyuta kutentha. Pofika 2011 zinthu zidatembenuka. Fodya adagulidwa motchipa ku okushoni. Ndalama zakunja zidasowa, mafuta adasowa. Anyamata ankapita ndi zigubu ku Chipata n'kumadzagulitsa petulo m'mabotolo m'mbali mwa msewu, pamtengo woti ukaumva umayamba wakhala pansi. Magetsi akathima, kajenereta kanga kankangokhala ngati chokongoletsera. Pa 20 July 2011 anthu adachita zionetsero m'mizinda, ndipo pafupifupi 20 adaphedwa. M'nyengo imeneyo Esau adapeka "Yoshua Alikuti". Sadatukwane munthu. Adangotenga fanizo la Nkasa lija n'kuliyendetsa mpaka kumapeto kwake, pakuti aliyense wopita ku Sande sukulu amadziwa kuti Mose sadalowe m'dziko lolonjezedwa. Adalowetsa anthu ndi Yoswa. Ndiye ngati uyu ndi Mose, winayo ali kuti? Imeneyo ndi hip hop yeniyeni, kuyankha nyimbo ndi nyimbo. Ngakhale kanema wake, amene adajambulidwa ku Nairobi, ankatsanzira mwanthabwala kanema wa "A Milli" wa Lil Wayne.

Nditaipeza n'kuiika pa masipika, zidali zina. Bingu adali atamwalira kale mu April 2012, koma bala lidali lisadapole. Anthu adaima. Amayi ena ogulitsa tomato adaseka mpaka kugwira m'chiuno. Atelala aja sadafunsenso za mudzi wa ng'oma, adangoti, "Ameneyu ndi mwana wa munthu, amadziwa Baibulo." Sabata imeneyo anthu angapo adabwera ndi memori zawo: "Tiikireniko ija ya Yoswa." Biti yake idali yachilendo kuposa za poyamba zija, yolemera, ya m'makalabu. Palibe adadandaula. Nkhani itapezeka, ng'oma idaleka kukhala ya azungu.

Chimbale chachitatu, "Makes a King", chidatuluka mu 2015, ine nditatseka kale shopu. Mafoni adayamba kutumizirana okha nyimbo, ntchito yobena n'kuyamba kuzilala, ndipo ndidabwerera ku mtedza ndi soya. Ulendo uno adachoka m'tauni n'kukajambulira m'mudzi wa M'dala Chikowa, m'mphepete mwa nyanja, ndipo zimamveka. Makina adachepa, magitala ndi makwaya adachuluka, mphepo ya kunyanja imachita kulowa m'nyimbo. Baaba Maal adabweranso, ndipo a kwathu konkuno a Mafilika alimo. "Hear Me" ndi kulira kwa munthu amene akuona dziko lake likukwanitsa zaka 50 za ufulu mu 2014, fungo la Cashgate lili m'mphuno, umphawi uli pomwe udali. Kwa ine chimenechi ndicho chimbale chawo chokhwima, choti ungamvere usiku uli wekha pakhonde. Chaka chotsatira, mu 2016, adajambula "Johannesburg" pamodzi ndi Mumford & Sons, Baaba Maal ndi Beatenberg, nyimbo zisanu zopangidwa m'masiku awiri mu situdiyo za SABC. Mumford & Sons ndi gulu lodzadzitsa mabwalo a mpira. Anthu zikwizikwi adagula chimbale chokhala ndi nyimbo yotchedwa "Ngamila", osadziwa kuti akutchula nyama ya m'fanizo la diso la singano.

Tsopano pali nkhani imene sitingailumphe, ndipo anzanga ena ophunzira amaikamba mokwiya. Amati: bwanji nthawi zonse pamafunika mzungu ndi maikolofoni? A Kachamba adakumana ndi Gerhard Kubik wa ku Austria mu 1967, kenako n'kukaimba ku Ulaya. Malawi Mouse Boys ankagulitsa mbewa m'mbali mwa msewu mpaka Ian Brennan adawajambula. Brennan yemweyo adajambula akaidi a ku Zomba, chimbale chawo n'kukafika pa mndandanda wa opikisana pa Grammy mu 2016. Johan Hugo naye adapanga chimbale cha Lazarus Chigwandali, woimba wachialubino amene ankaimba m'misewu ya Lilongwe, chotuluka mu 2019. Ndipo pa kanema wa moyo wa Lazarus, mmodzi mwa akuluakulu ake adali Madonna yemwe uja. Dziko ndi lozungulira, abale. Anzangawo amati zimenezi zikufanana ndi mtedza wathu. Timalima chalimbana, timagulitsa kwa venda wa sikelo yokayikitsa, amapita nayo kutali, ndipo imabwerera ili m'botolo la chiponde lokhala ndi chizindikiro chokongola, pamtengo woti mlimi sangaukwanitse. Mawu a Mmalawi, iwo amati, ndi mtedza wosasenda.

Fanizoli ndimalimva kuwawa kwake, chifukwa sikelo imeneyo ndimaima nayo pamaso chaka chilichonse. Koma pa The Very Best silikwana bwino. Mtedza susankha botolo. Esau adapeka mawu ake, adasankha zoti anene, ndipo pamene adabwerera kwawo situdiyo ndi imene idamutsatira, kuchoka ku London kupita ku Lilongwe, kuchoka ku Lilongwe kupita kumudzi wa kunyanja. Mukamvera zimbale zitatuzo motsatana mumva gulu likuyenda ulendo wobwerera kumudzi. Munthu amene akungogulitsidwa safunsa mtsogoleri wa dziko lake kuti Yoswa ali kuti. Chimene fanizo la mtedza likunena zoona ndi mbali yathuyi: tilibe chigayo chathu. Kwathu nyimbo imakhala ndi moyo ngati ili ndi ntchito paukwati, pamaliro, kutchalitchi, pamsonkhano wa chipani kapena pamalo omwera. Nyimbo yongofuna kuti ukhale pansi uimvere, yoyesa zinthu zimene sizidayesedwepo, ilibe pogona. Ku Lake of Stars gululi lidaimbako, inde, koma tikiti ya kumeneko ndi matumba angati a soya? Woimba wotere akapeza khomo lotsegula ku London, tisamufunse chifukwa chake sadagogode kwathu, kumene kulibe n'chitseko chomwe.

Chimene chandikumbutsa zonsezi ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene adalemba Fomu 4 chaka chatha. Amarapa. Ali ndi kope lodzadza mavesi, ndipo akapeza kandalama ka ganyu amakwera kupita ku boma kwa mnyamata wina amene ali ndi laputopu ndi maikolofoni m'chipinda chokutidwa ndi matiresi. Luso ali nalo. Koma akatsegula pakamwa mumamva Lagos, mumamva Atlanta, mumamva magalimoto amene sadawakwerepo. Tsiku lina tikusenda mtedza ndidamuikira zimbale zija pafoni, kuyambira "Tengazako" mpaka "Hear Me". Adamvera mwaulemu wa mwana wolera bwino, kenako adati, "Amalume, mabiti ake ndi akale." Sindidatsutse, 2008 iye adali asadayambe n'sukulu yomwe. Koma patapita kanthawi adafunsa kuti, "Nanga mawuwa akumveka ngati anthu khumi, ndi munthu mmodzi?" Ndidati ndi mmodzi, amangojambula mobwereza, liwu pamwamba pa liwu, monga amachitira amayi ako ndi anzawo akamaimba pamtondo, wina kutsogola ena kupolokoza. Adakhala chete, manja ali m'lichero.

Sindikufuna kuti mphwanga akhale Esau wachiwiri, kapena adikire mzungu wodzagula njinga. Masiku ano foni yake ikhoza kutumiza nyimbo ku Toronto asadadye nsima yamasana. Msewu umene udatsekereza The Very Best kuti isafike kwa Mavwere, kwa iye ndi wotsegula mbali zonse ziwiri. Chimene ndikufuna atolepo n'chakuti biti angathe kuitenga kulikonse, ku Lagos, ku Atlanta, ngakhale kwa The Clash, palibe mlandu, ndiwo mwambo wake wa nyimbozi. Koma chokwera pamwamba pa bitiyo chikhale chimene iye yekha angathe kunena: sikelo ya venda, mzere wa feteleza, mnzake amene adapita ku Joni osabwerako, agogo ake amene amawerenga mvula poyang'ana nyerere. Gulu lija lidationetsa zinthu ziwiri pa nthawi zosiyana, kuti akunja akhoza kuvina Chichewa osachimva, ndi kuti akwathu akhoza kulandira ng'oma yachilendo ngati yanyamula nkhani yawo. Amene adzagwirizanitse ziwirizi m'nyimbo imodzi, kaya ndi mphwanga kaya ndi mwana wa wina wa ku Nkhwazi, ameneyo sadzafunika kusankha pakati pa London ndi Waliranji.

Inu amene muli ndi bandulo yokwanira, zifufuzeni zimbalezi. Yambani ndi "Makes a King" ngati mumakonda zofatsa, kapena mixtape ija ngati mukufuna kumva munthu akusewera ndi katundu wa eni ake mopanda mantha. Mukamvera, muuzeko wina wa kumudzi.